Kachitseko ka Utsi

Inafika Lachiwiri, nkhungu isanachoke ku Luwinga,
pikapu yomwe kale inali yoyera,
nthochi za ku Mpamba zili tho kumbuyo.
NyaMzumara anatsika osazimitsa injini.
Inazima yokha.

"Mwaonatu. Pamsewu imathamanga bwinobwino,
koma ndikangoima pa Katoto kuti akabaza adutse,
imanjenjemera, kutsokomola kawiri, kenako zii.
Ku Chibavi anandigulitsa mapulagi anayi.
Ku Zolozolo anati ndi petulo wa m'zigubu.
Mlamu wanga akuti galimotoyi ikufuna mwini wake,
ndipo mwini wakeyo tinamuika chaka chatha."

Sindinayankhe. Makiyi ndinaponyera Chawanangwa.
Liza, ndinatero.
Inalira modukizadukiza
ngati munthu wowerenga kalata ya ngongole pagulu.
Ponda pang'ono. Mawu anasalala.
Siya. Boneti inayambanso kuvina.
Nthenda yobisala pa liwiro,
yotulukira pa mpumulo.

Kuseri kwa injini kuli kachitsulo konga bowa.
M'mabuku amati EGR,
ine ndimati kachitseko ka utsi.
Ntchito yake n'kubweza utsi pang'ono, wopsa kale,
ukalowenso komwe unachokera
kuti moto wa m'kati usapse mtima.
Koma kali ndi nthawi yake.
Galimoto ikaima, iko kazitseka.

Ndinakhudza paipi yake, inandiwotcha chala
injini isanathe ndi mphindi zisanu zomwe.
Utsi ukudutsa pa ola losakhala lake.
Ndinazula kapaipi ka mphira,
mwina mpweya ukukoka chitseko molakwika.
Palibe chinasintha.
Ndinakaika kukamwa n'kuyamwa,
fungo la petulo wa zaka makumi awiri mpaka kummero.
Nembanemba inakwera,
nditatseka ndi lilime inagwira, sinatsike.
Ndiye kuti mphira alibe mlandu.
Nkhani ili pansi.

Mabawuti awiri, limodzi la dzimbiri, lamakani.
Sipanala inaterereka, khungu la chala linatsala pomwepo.
Titakatembenuza, mwaye uli gwa ngati chikhakha cha phula,
ndipo pakamwa penipeni pa valavu
kakhala kosaposa njere ya nyemba
katakhala pakhomo,
mlendo wokana kutsanzika.

Chawanangwa anati, "Abwana, tingodula chitini
titseke bowo lonseli. Aliyense amatero."
Ndinamufunsa ngati anakwerapo zitunda za ku Kavuzi
ndi nthochi tani imodzi, dzuwa la Okutobala lili pamutu,
injini ikugogoda m'kati ngati ikufuna kutuluka.
Anapita kukatenga palafini.

Waya wa buleki ya njinga, mswachi wotha,
beseni lomwe mkazi wanga akulifunabe kunyumba.
Tinapala mpaka masana.
Mvula yowaza inabwera, inapita, inabweranso.
Madzi akuda anayenderera kulowa m'ngalande
ndipo kachitseko kanayamba kutseka ndi kamawu, tepu,
kamene makaniko yekha amakamva.

Liza.
Inalira mzere umodzi wosaduka.
Ndinaimika ndalama yachitsulo pa boneti, sinagwe msanga.

NyaMzumara anatambasula dzanja.
Ndinamuikira kakhala kaja pachikhatho.
"Aka basi?"
Aka basi, mama.
Anakayang'ana nthawi yaitali kuposa momwe khala limayang'anidwira,
kenako anakamanga pa msonga ya chitenje
pamodzi ndi ndalama za msonkho wa pamsika.
"Mlamu akakaone," anatero, osaseka.

Ndalama zinaperewera. Anatsitsa mkoko wa nthochi.

Ndinaima pageti, manja m'thumba la ovololo,
akutsetsereka kukafika pa mphambano.
Magetsi ofiira anayaka. Lole ya matabwa inkadutsa, yaitali.
Ndinawerenga: imodzi, ziwiri, mpaka khumi ndi zinayi.
Sinazime.

Chawanangwa anali atasenda kale nthochi yachiwiri.
Yanga inkakoma petulo.